Zida za ometa tsitsi: mafunso ndi mayankho kwa oyamba ntchitoyi m'chigawo cha Tete ku Mozambique

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene achinyamata ophunzira kumeta amabwereza kawirikawiri, kuyambira ku Ulongwe, Tsangano ndi Furancungo mpaka ku Moatize ndi mumzinda wa Tete. Ena amachokera kwa makasitomala, makamaka amayi obwera ndi ana. Tayamba ndi osavuta, kenako tafika pa ofuna kufotokoza mwatsatanetsatane.

Ndikufuna kutsegula pometera. Ndiyambe ndi zida ziti?

Yambani ndi makina ometera awiri, osati amodzi. Onjezani makina aang'ono okonzera m'mphepete, zipeso za manambala zovekera kumakina, chipeso cha m'manja, sizasi, malezala ndi chogwirira chake, burashi yaing'ono yolimba yochotsera tsitsi m'mano a makina, burashi yofewa yosasira pakhosi, nsalu zofunditsa zosachepera zitatu, mafuta a makina, sipiriti, thonje, mpando ndi magalasi awiri.

Ambiri amadabwa tikamanena za makina awiri, poti ndalama zoyambira zimakhala zochepa. Chifukwa chake n'chakuti makina amatentha akagwira ntchito nthawi yaitali, ndipo amafunika kutsukidwa munthu aliyense akadzuka pampando. Loweruka kapena tsiku la msika, anthu atadzaza pabenchi, wometa wa makina amodzi amayamba kudumpha kutsuka kuti mzere uyende. Amene ali ndi awiri amasinthanitsa: ena akumeta, ena akuuma ndi kuzizira. Ngati ndalama zikukukakamizani kusankha, n'kwabwino kugula makina awiri a mtengo wapakati kusiyana n'kuthera zonse pa amodzi a dzina lotchuka.

Kodi makina aakulu ndi aang'ono aja amasiyana bwanji? Sindingagwiritse ntchito amodzi pa zonse?

Aakulu ndi ochotsera tsitsi lambiri. Mano ake ndi otalikirana pang'ono, mota yake ndi yamphamvu, ndipo amalandira zipeso za manambala. Aang'ono ali ndi mano osanjikizana kwambiri ndipo amameta pafupi zedi ndi khungu, choncho ntchito yawo ndi kulemba mzere wa pamphumi, kuzungulira makutu, kukonza ndevu ndi pankhongo. Mukawalowetsa m'tsitsi lowirira amatsamwa, n'kutentha, n'kufa msanga.

Palinso achitatu okhala ndi kachitsulo kopyapyala ka timabowo, osalazira khungu pamene aang'ono adutsa kale. Amenewo angadikire mpaka ntchito itakhazikika.

Ndigule a chingwe kapena a batire?

Zimatengera kumene muli. Ngakhale damu la Cahora Bassa lili m'chigawo chathu chomwechi, midzi yambiri ilibe magetsi a EDM, kampani ya boma ya magetsi, ndipo kumene aliko amathimathima, makamaka nyengo ya mvula. Palibe chochititsa manyazi wometa ngati magetsi kuthima mutu uli theka. Pa chifukwa chimenechi, amodzi mwa makina anu awiri akhale a batire.

A chingwe ali ndi ubwino wawo. Mphamvu yawo siitsika, amakhala zaka zambiri, ndipo mkati mwake mulibe zambiri zoti n'kuwonongeka. Sadya magetsi: ambiri amakoka mawati 10 mpaka 15, kutanthauza kuti yuniti imodzi ya magetsi olipiriratu a Credelec ikhoza kuyendetsa makina a mawati 10 kwa maola 100. Chimene chimamaliza mayuniti pometera ndi choumitsira tsitsi, chimene chimakoka mawati 1,500 mpaka 2,000, komanso wailesi yaikulu ndi fani.

A batire ndi opepuka ndipo chingwe sichikukolani, koma batire yake imafooka pakapita nthawi. Mdani wake wamkulu ndi kutentha. Kwa ometa a mumzinda wa Tete ndi Moatize, kumene mu Okutobala ndi Novembala kumatentha kupitirira madigiri 40, izi n'zofunika kusamala: musatchajire makina padzuwa, pawindo, kapena pashelefu yoyandikana ndi malata. Batire ikafufuma kapena makina akamatentha ali patchaja osameta, asiyeni pomwepo.

Ndi makina a dzina liti amene ali abwino? Nanga abodza ndingawadziwe bwanji?

Mayina akale ndi Wahl, kampani imene Leo Wahl anayambitsa mu 1919 ku Sterling m'boma la Illinois ku America, Andis imene inayamba mu 1922 ku Wisconsin, Oster, ndi Moser ya ku Germany. Pa makina a chingwe, Wahl Super Taper ndi amodzi mwa odziwika bwino kwa ometa. Masiku ano m'misika mwadzaza makina a batire ochokera ku China monga Kemei ndi VGR. Ameneŵa ndi otsika mtengo, ndipo ena mwa iwo amameta bwino ndithu, ngakhale kuti mipeni yake, zitsulo za mano zodula tsitsi, imabuntha msanga.

Vuto lalikulu si makina otsika mtengo, koma makina abodza ovala dzina la eni. Munthu amalipira ndalama za Wahl n'kutenga chinthu chimene sichitha miyezi ingapo. Muziwanyamula m'manja: enieni amalemera, pulasitiki yake ndi yokhuthala, ndipo chingwe chake ndi chonenepa komanso chachitali. Onani zolembedwa pabokosi ndi pansi pa makina ngati zili zooneka bwino, zopanda zilembo zolakwika. Pemphani kuti awayatse. Enieni amalira mofanana osasinthasintha, ndipo mano ake amakhala osalala mukawayendetsa pamkono. Kungoona dzina la China sikokwanira kunena kuti ndi abodza, popeza Wahl ilinso ndi mafakitale m'maiko monga Hungary ndi China. Chizindikiro chimene sichinama ndi mtengo: mukauzidwa mtengo wotsika modabwitsa pa makina atsopano a dzina lalikulu, dziwani kuti si enieni.

Musanalipire, funsani ngati mipeni yosinthira ya makinawo imapezeka. Makina abwino opanda mipeni yake pamsika ndi a chaka chimodzi basi.

Achibale ananditumizira makina kuchokera kunja, koma akulira moopsa n'kutentha. Chavuta n'chiyani?

Azimitseni kaye muwerenge kachikwangwani ka pansi pake. Magetsi a ku Mozambique ndi a 220V ndi 50 Hz. Makina opangidwira msika wa ku America ndi a 120V ndi 60 Hz, ndipo mukawalumikiza mwachindunji amapsa m'kanthawi kochepa. Thiransifoma imatsitsa mphamvu ya magetsi koma siisintha 50 kukhala 60, choncho makina a mota ya maginito, amene amanjenjemera motsatira kugunda kwa magetsi, amakhalabe aphokoso ndi ofooka ngakhale mwagula thiransifoma. A batire savuta chotero: matchaja ambiri amalembedwa 100–240V ndipo amagwira paliponse.

Makina ogulidwa ku Lilongwe, ku Limbe kapena ku Chipata alibe vuto la mphamvu, chifukwa Malawi ndi Zambia amagwiritsa ntchito 230V ndi 50 Hz. Chosiyana ndi pulagi yokha: yawo ndi ya mano atatu aphwatalala pamene masoketi athu ambiri ndi a mabowo awiri ozungulira. Ochokera ku South Africa ena amabwera ndi pulagi yaikulu ya mano atatu ozungulira. Gulani adaputala yolimba kapena sinthani pulagi yonse. Musadule chingwe n'kulowetsa mawaya awiri m'soketi pochirikiza ndi timitengo ta machesi. Pometera pamakhala sipiriti, ndipo kamoto kamodzi n'kokwanira.

Manambala a zipeso zovekera amatanthauza chiyani?

Nambala imasonyeza kutalika kwa tsitsi lotsala pamutu. Pa zipeso za Wahl, nambala 1 imasiya mamilimita 3, nambala 2 mamilimita 6, nambala 3 mamilimita 10, nambala 4 mamilimita 13, mpaka nambala 8 imene imasiya mamilimita 25. Pali zina ziwiri zapakati zimene ometa fade (kumeta koti tsitsi lizifupika pang'onopang'ono chotsika m'munsi) sangachite popanda izo: ya theka, yosiya milimita imodzi ndi theka, ndi ya 1½, yosiya mamilimita 4.5. Makampani ena amalemba mamilimita okha, ndiye kasitomala akati "ndimeteni wani", onetsetsani kuti simunatenge chipeso cha milimita imodzi.

Chipeso chothyoka dzino kapena chogwedera chitayeni. Chikavuka pakati pa ntchito, makina amalowa mpaka pakhungu, ndipo chotsala n'kumumeta munthu mpala amene sanaufune.

Nanga kachitsulo kokweza ndi kutsitsa ka m'mbali mwa makina kamachita chiyani?

Kamasuntha mipeni kuti mano ayandikane kapena atalikirane. Mukakakweza, makina amameta pafupi kwambiri. Mukakatsitsa, amasiya tsitsi lotalikirapo pang'ono, pafupifupi ngati chipeso cha theka. N'kamene kamafafaniza mzere wotsala pakati pa nambala ina ndi inzake. Kukasewereza m'mwamba ndi pansi makina akulira kumathandizanso kutulutsa tsitsi lotsekeka pakati pa mipeni.

Ndithire mafuta anji, ndipo kangati?

Mafuta a makina ometera ndi opyapyala, oyera, opanda fungo. Akasowa, mafuta a makina osokera amagwira bwino, ndipo telala aliyense angakuuzeni kumene amagula. Mafuta ophikira ayi: amaundana n'kusanduka phula logwira tsitsi ndi fumbi, mpaka mota kulephera kukoka. Oilo wa njinga yamoto ndi wokhuthala ndipo amayabwa pakhungu. Parafini ndi petulo zisayandikire n'komwe mutu wa munthu.

Sasani tsitsi ndi burashi, yatsani makina mano ataloza pansi, donthezani madontho atatu m'mano ndi limodzi mbali iliyonse pamene mipeni imakhudzana. Alekeni alire pang'ono, kenako pukutani otsala. Chitani izi m'mawa, madzulo, komanso nthawi iliyonse mwatsuka ndi sipiriti, chifukwa sipiriti amachotsa mafuta n'kusiya chitsulo chouma. M'miyezi ya fumbi, komanso kwa amene pometera pawo pali m'mbali mwa msewu wa magalimoto a malasha, mafuta amada msanga ndipo muyenera kuthira pafupipafupi. Ku Angónia ndi Tsangano vuto limatembenuka nthawi ya dzinja: chinyezi chimabweretsa dzimbiri, ndiye makina asagone usiku opanda mafuta.

Makina anga akukoka tsitsi, nthawi zina akuluma khungu. Ndigule ena?

Musathamangire kusitolo. Kukoka ndi kuluma ndi mavuto awiri osiyana, ndipo onse amakonzeka.

Makina okoka tsitsi nthawi zambiri ndi akuda, ouma kapena obuntha. Masulani masikuluwu awiri ogwira mpeni, chotsani tsitsi lonse lounjikana mkati, bwezerani, thirani mafuta monga tafotokozera pamwambapa. Ngati ndi a chingwe a mota ya maginito, m'mbali mwake muli sikuluwu yaikulu yowongolera mphamvu. Makina akulira, ipotozeni kumanja mpaka amveke phokoso lokhadzula, kenako bwererani pang'onopang'ono mpaka phokosolo lileke. Pamenepo ndi pamene makina ali ndi mphamvu yokwanira. Magetsi akafika ofooka madzulo, mungafunike kuikonzanso. Zonsezi zikalephera, mipeni yabuntha. Ena amanola pa sandipepa yosalala kwambiri yoyalidwa pagalasi lathyathyathya, poyendetsa mpeni chogona osaupendeketsa. Zimatheka, koma pamwala wonolera zikwanje mpeni umapindika ndipo sudzametanso. Amene sanazolowere angogula mipeni yatsopano.

Makina oluma ndiye kuti mipeni yasokonekera. Mpeni wa pamwamba, umene umayenda, mano ake ayenera kutsalira kumbuyo kwa mano a mpeni woima ndi pafupifupi milimita imodzi, ndipo mizere iwiriyi iyendere limodzi osapingasa. Izi zimasokonekera makina akagwa pansi. Anyamata ambiri masiku ano amasunthira dala mpeniwo kutsogolo kuti mzere uzituluka wakuthwa. Walira mvula walira matope: mzere umakongoladi, koma dzino limodzi likangopitirira limacheka khungu, makamaka la ana ndi la pankhongo. Mukatha kukonza, yesani pamkono panu musanayese pamutu wa wina. Ngati dzino lathyoka, mpeniwo watha ntchito.

Kodi kupopera sipiriti kamodzi n'kokwanira? Ndi matenda anji amene angafale kudzera m'makina?

Funso ili ndi lofunika kuposa onse pano. Makina ometa pafupi amasiya timabala tosaoneka ndi maso, ndipo timagazi timatsalira m'mano. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2018 ku Cape Town anayeza makina 50 a ometa a m'makomboni. Pa 100 aliwonse, 42 anapezeka ndi zizindikiro za magazi ndipo 8 anali ndi kachilombo ka hepatitis B, koyambitsa matenda a chiwindi. Ka HIV sikanapezeke. Anthu ambiri amaopa HIV yokha, komatu kachilombo kameneka sikakhalitsa kunja kwa thupi, pamene ka hepatitis B kamatha kukhala moyo pachitsulo chouma kwa masiku 7 kapena kuposerapo. Chofala kwambiri tsiku ndi tsiku ndi chipere, chimene chimayenda ndi makina, zipeso, burashi ndi nsalu, makamaka pakati pa ana a sukulu.

Dongosolo lake ndi ili. Choyamba sasani tsitsi lonse ndi burashi, chifukwa sipiriti wothiridwa pamwamba pa tsitsi ndi litsiro safika pachitsulo. Kenako nyowetsani mano onse ndi sipiriti mpaka anyowe ndithu, makina alire pang'ono kuti alowe pakati pa mipeni, ndipo asiyeni aume okha osapukuta. Kupopera kamodzi n'kupukuta nthawi yomweyo ndi kungosangalatsa maso a kasitomala. Sipiriti wolembedwa 70% wa ku famasi amapha tizilombo bwino kuposa wa 96%, amene amauma asanagwire ntchito. Wosungunulidwa ndi madzi mongoganizira kuti achuluke alibe phindu. Pomaliza donthezani mafuta.

Zipeso zapulasitiki zitsukeni ndi sopo, kenako zivikeni kwa mphindi 10 m'madzi a javel (mankhwala oyeretsera zovala, ngati jiki), muyeso umodzi wa javel pa miyeso 9 ya madzi, n'kuzitsukuluza. Madziwa asakanizidwe atsopano tsiku lililonse. Mipeni ya makina ndi sizasi musaviike mu javel chifukwa amadya chitsulo. Khalani ndi zipeso magulu awiri kuti lina likhale m'madzi pamene lina likugwira ntchito.

Pali chizolowezi chothira sipiriti pamakina n'kuyatsa moto. Chilekeni. Moto wa kanthawi kochepa chotero sufika pakati pa mipeni, umasungunula pulasitiki yogwira mpeni, ndipo pamakina a batire ndi ngozi yeniyeni. Komanso sipiriti wopaka pamutu wa munthu akatha kumetedwa salowa m'malo mwa kutsuka makina.

Lezala limodzi lingamete anthu angati?

Mmodzi. Tsegulani pepala la lezala kasitomala akuona, lithyoleni pakati likadali m'pepala, lowetsani theka m'chogwirira. Mukatha, liponyeni m'chitini kapena m'botolo lolimba lotsekeka, osati pansi kapena kudzala kumene ana amatola zoseweretsa. Chogwirira nacho chitsukidwe ndi sipiriti. Kugwira lezala ndi zala zokha kumaoneka ukatswiri, koma ndi mmene ometa ambiri amadzichekera ndi lezala limene lakhudza kale magazi a wina.

Ndamucheka kasitomala mwangozi. Ndichite chiyani?

Imani kaye, pepesani, ndipo musabise. Panikizani pabalapo ndi thonje loyera mpaka magazi aleke, mutavala magolovesi ngati muli nawo, kapena mupempheni agwire yekha. Makina kapena sizasi imene yachekayo iikidwe pambali mpaka itatsukidwa mokwanira monga tanenera pa funso la sipiriti, ndipo malizitsani ndi makina achiwiri. Mwala woletsa magazi umene ena amapaka suyenera kuyenda kuchoka pa munthu wina kupita pa wina.

Ngati inuyo mwadzicheka ndi chida cha magazi a munthu wina, sambani ndi sopo ndi madzi ambiri n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Mankhwala oteteza ku HIV amagwira akayambidwa pasanathe maola 72, ndipo kufulumira n'kumene kumathandiza. Muli komweko funsaninso za katemera wa hepatitis B.

Kwabwera mwana wa chipere, kapena bambo wa tiziphuphu pankhongo. Ndimubweze?

Musamuchititse manyazi pagulu. Lankhulani ndi mayi ake pambali: "Mayi, mwanayu ndimumeta, koma mupite naye kuchipatala, chifukwa chipere cha m'mutu sichitha ndi mankhwala opaka okha." Zimenezi n'zoona, chimafuna mapiritsi akumwa kwa masabata angapo. Ngati mwavomera kumumeta, akhale womaliza, ndipo zida zonse zimene zamukhudza, nsalu ndi burashi zomwe, zitsukidwe musanametenso wina. Pamene pali zilonda zotuluka mafinya, ndi bwino kudikira apole.

Tiziphuphu tolimba ta pankhongo, timene timavutitsa amuna ambiri a tsitsi lopotana, si topatsirana, koma timakula ndi kumeta mogwirira khungu ndipo timatuluka magazi msanga. Pamenepo musadutsitse lezala kapena makina opanda chipeso. Vekani makina chipeso cha nambala 1 kapena 2, ndipo muuzeni bamboyo mwaulemu chifukwa chake. Chimodzimodzi amene ndevu zimawatulutsa ziphuphu: asiyireni chiputu pang'ono ndipo metani motsatira kumene ndevu zagonera.

Kwathu kulibe magetsi. Kodi sola ingayendetse pometera?

Ingayendetse bwinobwino, popeza makina sadya mphamvu yambiri, monga taonera pa funso la chingwe ndi batire. Njira yosavuta ndi makina a batire otchajidwa ndi USB, amene safuna inveta (chida chosintha magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba) n'komwe ndipo angatchajidwe ngakhale ndi power bank. Mukafuna kuyendetsa a chingwe, samalani ndi mainveta otsika mtengo. Magetsi ake sakhala osalala, ndipo mota ya maginito imalira mokhadzula, kutentha ndi kufooka. Funani inveta yolembedwa pure sine wave. Choumitsira tsitsi chisiyeni, chimamaliza batire ya sola m'kanthawi. Kumapiri a Angónia, kumene mitambo imatha kuphimba dzuwa masiku angapo otsatizana, gulani batire yokulirapo kuposa imene mukuganiza kuti ikukwanirani.

Kodi sizasi ndi yofunikabe, poti ambiri timameta ndi makina?

Ndi yofunika posalaza tsitsi lalitali la pamwamba, pokonza masharubu, ndi pometa makasitomala a tsitsi lowongoka, amene mumzinda wa Tete ndi ku Moatize amapezeka ndithu. Ya mainchesi 6 kapena 7 ndi yokwanira. Ikhale ya tsitsi lokha: ikadula pepala, ulusi kapena chingwe imabuntha n'kuyamba kupinda tsitsi m'malo modula. Kwa tsitsi lopotana, khalaninso ndi chipeso cha mano aatali chotukulira tsitsi musanadutsitse makina.

Mpando weniweni wa ometa ndi wodula. Ndingayambe ndi wamba?

Mungayambe nawo, bola ukhale wolimba ndiponso wotalika moti mutu wa kasitomala ufike cha pachifuwa panu. Mpando waufupi umapha msana wa wometa, amene amaima tsiku lonse. Kalipentala kapena wowotcherera zitsulo wa pamsika angakupangireni wa msinkhu wanu, ndi kathabwa kosanjika pamwamba kokhalira ana. Ndalama zimene mwapulumutsa zipite ku kuwala, chifukwa mzere wokhota nthawi zambiri umachokera mumdima: ikani mababu awiri oyera, lina kumanja lina kumanzere, kuti mutu usakhale ndi mthunzi mbali imodzi. Galasi lalikulu likhale pakhoma, laling'ono la m'manja likhale loonetsera munthu kumbuyo. Nsalu yofunditsa isakhudze khosi mwachindunji. Yambani mwazunguliza kapepala kofewa katsopano pakhosi, kenako mangani nsalu pamwamba pake, ndipo nsaluzo zichapidwe ndi kuyanikidwa padzuwa tsiku lililonse.